Kulimba Kuli Pawiri

Mutu 4

1. Zimene madzi anatulutsa

Madzi a mvula akalowa m'nyumba za ku Kanyama sabwera okha. Amabwera ndi achule, amabwera ndi matenda a m'mimba, ndipo nthawi zina amatulutsa zinthu zimene eni ake anabisa. Chaka chimenecho anatulutsa kachitini ka malemu Silas.

Silas anali bambo wake wa Mainess, mtsikana wa giledi 11 amene ankaleredwa ndi ambuya ake, a Felistus, amayi ake a Silas yemweyo. Zaka zisanu ndi zinayi Silas anakhala akukumba miyala yamtengo wapatali, poyamba ku Lufwanyama, kenako ku Lundazi. Anabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo chaka chisanathe anamwalira.

M'komboni anamupatsa dzina limene linakana kulowa naye m'manda. Ankamutcha Silas wa mabotolo. Ankati kumigodiko anamupusitsa, anataya unyamata wake akutola magalasi. Mainess dzinali ankalimva pampopi, ankalimva pamzere wa kusukulu, ndipo ankangopirira.

Amene anapeza kachitiniko anali a Moven, mng'ono wake wa Silas, tsiku limene ankakweza bedi pa njerwa kuti matiresi asanyowe. Kanali komangiriridwa ndi waya kunsi kwa bediyo. A Moven anakhala nako masiku awiri osauza munthu. Loweruka m'mawa Mainess anakapeza m'thumba la jekete lawo pamene ankafuna kulichapa, ndipo anazindikira dzina la bambo ake lolembedwa ndi msomali pachivundikiro.

A Moven anati anangoiwala kunena. Munthu akaiwala chinthu chimene chikumulemera m'thumba, muzimuyang'ana kawiri. Mainess anawayang'ana kawiri, kenako anati kachitiniko katsegulidwe pamaso pa ambuya.

2. Pophwanyira miyala

A Felistus ankagwira ntchito yophwanya miyala m'mphepete mwa msewu, pamodzi ndi azimayi ena asanu ndi mmodzi. Ankakhala pansi chitambasulire miyendo, aliyense ndi nyundo yake ndi mulu wake, fumbi loyera lili m'nsidze. Chapatali amuna ankawotcha matayala pathanthwe kuti ling'aluke. Ntchitoyi a Felistus anaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo chala chawo chimodzi chinali chopindika ngati mbedza.

Kumeneko ndiko Mainess ndi a Moven anapita nako kachitiniko. Katatsegulidwa, nyundo zonse zinaleka kulira. M'kati munali nsanza, ndipo m'nsanzamo munali miyala itatu yobiriwira.

Woyamba unali waufupi, wa mbali zisanu ndi imodzi ngati kachidutswa ka pensulo, wokhala ndi timing'alu m'kati. Wachiwiri unali wautali, wa mizere yotsetsereka m'litali mwake, wobiriwira moderapo. Wachitatu ndiwo unali wokongola. Unali woyera m'kati ngati madzi a m'kapu, ukuwala wopanda chilema.

Amake Jordan, mayi wa pakamwa posapuma amene ankakhala pafupi ndi a Felistus, anati ngati pali weniweni ndi wachitatuwo. Enawo anati ndi zinyalala. Azimayi onse anavomereza.

A Felistus sanakhudze mwala uliwonse. Anapukuta manja pachitenje nayamba kulankhula.

"Tamverani nonsenu. Miyala iyi siibwera pakhomo kudzacheza. Mwana wanga anachoka pano wonenepa, wonyamula thumba la simenti ngati mtsamiro. Anabwerera akutsokomola ngati mbuzi yodya pulasitiki. Dzenje limene ankakumba linakwirira anzake awiri iye akuona. Ukasunga chinthu chotere m'nyumba, khoma limamva, ndipo khoma la ku Kanyama lili ndi achibale ambiri. Lero adziwa a pampopi. Mawa adziwa anyamata a zikwanje. Mkuja abwera apolisi kudzafunsa mapepala amene ife tilibe. Ikakhala yabodza itichititsa manyazi, ikakhala yeniyeni itiphetsa. Nanga ubwino wake uli pati?"

"Ndiye vamene nikamba, amai," anatero a Moven mofulumira. "Ivi ni vimabotolo chabe. Nipaseni, nizataya ku Chunga kotayila vinyalala."

Anatambasula dzanja, koma a Felistus analikankha. Anati asanataye afuna kudziwa chimene mwana wawo anafera. Silas mwini wake, ali chigonere pamphasa, anawauza kuti miyala yeniyeni ndi yolimba kuposa chitsulo. Mawu amenewo sanawaiwale. Ndipo kulimba kwa mwala iwo ankakudziwa kuposa aliyense m'Kanyama. Wolimba umabweza nyundo, wofewa umasweka.

Anasankha wa timing'alu uja, nauika pamwala wawo wophwanyirapo, pakati pa kamphete ka tayala kamene kamaletsa zidutswa kuthawa.

Mainess anatsegula pakamwa. Ankadziwa kanthu kena, kamene aphunzitsi a sayansi anawaonetsa ndi msomali, galasi ndi choko. Koma analeredwa kuti mwana salankhula akulu asanamalize, ndipo anadikira. Nyundo sinadikire.

Mwalawo unasweka ngati shuga wouma. A Moven anabuula, nagwira mutu ndi manja onse awiri. Palibe amene anawaona koma Mainess yekha, chifukwa ena onse ankayang'ana tizidutswa tobiriwira tija.

"Ndiye Silas wa mabotolo uyo," anatero amake Jordan. Ena anaseka chamumtima, ena anaseka mokweza.

A Felistus sanaseke. Anatenga mwala wautali uja nauika pamalo pomwepo.

3. Dzanja pansi pa nyundo

Mainess anagwada, monga ankachitira powapatsa ambuya ake madzi. Koma m'malo mwa kapu, anaika dzanja lake lamanja pamwamba pa mwalawo. Nyundo inali kale m'mwamba.

"Chotsa dzanja."

"Sindichotsa, ambuya."

Nyundo inakhala m'mwamba momwemo. A Felistus analankhula motsitsa mawu, ndipo amene ankawadziwa ankaopa mawu otsika kuposa okweza.

"Iwe Mainess, ndinakulandira usanamere dzino. Ndinakubereka kumbuyo pano pomwe, fumbi ili ukulipuma. Yang'ana chala changa ichi. Nyundo ilibe maso, siidziwa mdzukulu. Dzanja limenelo ndi lolembera mayeso chaka chamawa, ndipo ukaliphwanyitsa udzakhala pano pambali panga mpaka msana utapindika. Ndinakutumiza kusukulu kuti ukatenge nzeru, osati mwano. Mwana wotsutsa wamkulu pagulu amadzitsekera yekha makomo. Tsiku lina udzagogoda, ndipo anthu adzati ndi uja anachititsa manyazi ambuya ake pamsewu. Bambo ako naye ndinamuletsa chonchi. Anandiyang'ana ndi maso omwewo. Ali kuti lero?"

Amake Jordan anawonjezera kuti ana a masiku ano amati tsabola wakale sawawa. A Moven anati mwanayo amusiye, miyala yotsalayo aipereke kwa iwo basi nkhani ithe.

Mainess sanayang'ane aliyense wa iwo. Dzanja silinasunthe.

"Ngati mufuna kuswa, yambani ndi dzanjali. Atate sananame. Ndinu amene simunawamvetse."

Ngakhale amuna a matayala aja anatembenuka. Mawu otere kwa munthu wamkulu si oyeserera, ana inu, chifukwa akatuluka sabwereranso m'kamwa. Koma anali atatuluka.

A Felistus anatsitsa nyundo pang'onopang'ono naiika pamiyendo. Anati popeza mwana wakula mpaka kudziwa zimene mayi sanamve kwa mwana wake womubala yekha, afotokoze. Akalephera, nyundo ilipo, ndipo kunyumba kukakhala mlandu wina.

4. Botolo, mlomo ndi dzuwa

Mainess anayamba ndi funso. Anafunsa ambuya ake za mbale yawo yadothi ya maluwa, imene ankadyera alendo okha, ngati mpeni unaikandapo. Iwo anati ayi, zaka zonsezi ilibe ndi mzere womwe. Anafunsanso chimene chingachitike mbaleyo itagwa pa simenti. Iwo anati asayerekeze n'komwe.

Kenako ananyamula kamphete ka tayala kaja. Anati aka nyundo imakamenya tsiku lonse koma sikasweka, pamene msomali wamba umakang'amba. Tsono cholimba ndi chiti, mbale kapena tayala?

Amake Jordan anati tayala. Mayi wina anati mbale. Anayamba kukangana okhaokha.

"Zonse ndi zolimba," anatero Mainess. "Kulimba kuli pawiri, koma ife tili ndi liwu limodzi. Pali kukana kusweka, pali kukana kukandika. Atate ankanena kwachiwiriko. Miyala iyi chitsulo sichiikanda, koma nyundo imaiswa."

A Felistus anati zapakamwa ndi zapakamwa, iwo afuna kuona ndi maso.

Mainess anatola botolo lobiriwira m'ngalande nalipukuta. Anati galasi silingathe kulima mzere wakuya pa galasi linzake, koma mwala wolimba kuposa galasi umalilemba. Anatenga mwala wokongola uja, naukhukhuza pabotolo ndi kangodya kake. Unangotsetsereka. Unasiya kafumbi koyera, ndipo atapukuta ndi chala panalibe kanthu kooneka.

Anatenga wautali uja. Botolo linalira ngati khoswe, ndipo panatsala mzere. Amake Jordan anaulavulira, naupukuta ndi chitenje, naukanda ndi chikhadabo. Mzere unali pomwepo.

Chachiwiri chinali cha mlomo. Mainess anati mwala weniweni umamveka wozizira ukaugunditsa pakhungu, pamene galasi limafunda msanga. A Felistus anakana kuti chinthu chochokera m'dzenje la imfa chiwakhudze kumaso. Amake Jordan, amene sankalola kuti kanthu kawapitirire, anatsinzina napereka mlomo wawo wam'mwamba. Wokongola uja utawakhudza anati palibe chachilendo. Wautali utawakhudza anabweza mutu, nati ukuzizira ngati mpopi m'mawa wa mwezi wa Juni.

Chachitatu chinali cha dzuwa. Mainess anaimika mwala wokongola pakati pa diso ndi kuwala, nauzunguliza. Mtundu wake sunasinthe. Ndipo m'kati mwake, chapakona, munali kathovu kozungulira ka mpweya. Anaonetsa azimayiwo kathovu kofanana nako m'tako la botolo lija. Anati galasi amachita kusungunula pamoto, n'chifukwa chake mpweya umatsekeredwamo chonchi.

Wautali unachita zina. Kuuyang'ana cham'mbali unali wobiriwira ngati nsonga ya chibwabwa, masamba a maungu aja. Kuuyang'ana kuchokera kumapeto, motsata utali wake, unkada mpaka kutsala pang'ono kukhala wakuda. Mwala unayenda m'manja mwa azimayi onse, aliyense akuutembenuza.

A Felistus ataona zimenezo anabwerera m'mbuyo. Anati chinthu cha nkhope ziwiri sichinakhalepo chabwino, kaya ndi munthu kaya ndi mwala. Mainess anawakumbutsa za nzimbe, kuti kuing'amba motsata ndi kwina, kuidula mopingasa ndi kwina, koma nzimbe ndi imodzi yomweyo. Anati mwalawu unakula pansi pa nthaka uli ndi njira zake m'kati, ndipo kuwala kukadutsa motsata kumatuluka kwina, kukadutsa mopingasa kumatuluka kwina. Galasi lilibe njira zotere.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo Mainess anazengereza nacho. Kenako anatola kachidutswa kakang'ono ka mwala wosweka uja, nakakhukhuza pabotolo pambali pa mzere woyamba.

Botolo linaliranso.

A Felistus anayang'ana mizere iwiriyo nthawi yaitali. Kenako anayamba kutola tizidutswa tija kamodzikamodzi, ngakhale tochepa ngati mchere, natimanga pakona ya chitenje chawo. Anati mwana ndi mwana, nkhaniyi aimve kwa munthu wa imvi. Anaimirira, nyundo ili m'manja, nalunjika kwa a Majidi.

5. Pa tebulo la a Majidi

A Majidi anali mkulu wa Chisilamu amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Ankakonza mawotchi ndi mphete pa katebulo kawo pafupi ndi msika, ndipo paunyamata wawo anagwirapo ntchito yosema ndi kupukuta miyala yamtengo wapatali. Gulu lonse linawapeza akupukuta kagalasi kawo kovala padiso. Azimayi anali atasiya milu yawo, ndipo a Moven ankatsatira kumbuyo kwenikweni.

A Majidi ataona kachitiniko anavula kagalasi kaja. Anati akukadziwa. Silas anabwera nako kwa iwo atangochoka ku Lundazi, ndipo nsanza imeneyo anang'amba ndi iwo pa malaya awo akale. Anawalumbiritsa kuti asauze munthu mpaka mwana wake wamkazi atamaliza sukulu.

A Majidi anati wautali uja ndi tomalini wa ku Lundazi, wabwino ndithu. Atamva za botolo lija anamudzudzula Mainess pang'ono, kuti mwala wotere saukhukhuza pabotolo kawiri, chifukwa kangodya kakhoza kubenthuka. Wokongola uja anauponya m'mwamba nauwakha akuseka. Anati limenelo ndi galasi, ndipo Silas ankadziwa bwino lomwe. Ankalisunga dala, loyerekezera miyala ina poiunika padzuwa, komanso loti akakumana ndi achifwamba panjira awapatse limenelo, popeza wakuba amathamangira chowala.

"Silas sanapusitsidwepo ndi botolo," anatero a Majidi. "Anali ndi diso kuposa langa."

A Felistus anamasula kona ya chitenje, nakhuthulira tizidutswa tija patebulo. A Majidi anavalanso kagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa amene anachita zimenezi.

"Ndine," anatero a Felistus.

A Majidi anati ameneyo anali emeralodi wa ku Lufwanyama. Timing'alu timene azimayi anatiyesa chilema ndi timene timapezeka kawirikawiri mwa weniweni, ndipo n'chifukwa chake sapirira nyundo. Tizidutswa tina tikhoza kulowa pa ndolo, koma mwala uja wapita.

A Felistus anakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa. Sanalire mokweza. Anangoti zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akuswa miyala ya anthu omanga nyumba, ndipo lero aswa thukuta la mwana wawo. Mainess anagwada pambali pawo. Anati nayenso ali ndi mlandu, chifukwa ankadziwa koma anakhala chete pa mwala woyamba.

Ambuyawo anamuyang'ana, kenako anatenga kachitini patebulo nakaika m'manja mwake, m'dzanja lomwe lija linali pansi pa nyundo. Atatero anadzuka natembenukira azimayi aja.

"Amake Jordan, inu pakamwa panu pamafika kutali. Mukauze a pampopi, mukauze a kumsika. Mwana wanga dzina lake ndi Silas Banda. Amene adzatchulenso za mabotolo adzabwere adzanene pamaso panga, ndili ndi nyundo."

Amake Jordan anati iwo chiyambire ankadziwa kuti Silas anali munthu wanzeru. Azimayi anzawo anawayang'ana, ndipo iwo anayamba kukonza duku limene linali lokonzeka kale.

A Majidi anali akupinda nsanza ija. Anaitambasulanso, naigwedeza, nasuzumira m'kachitini kamene kanali m'manja mwa Mainess.

"Nanga wachinayi mwausiya kunyumba?"

Mainess anati munali itatu yokha. A Majidi anapukusa mutu. Anati anakulunga ndi manja awo miyala inayi. Wachinayi unali akwa, wa mtundu wa thambo la m'chilimwe, waukulu ngati chala chamanthu, wopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Umenewo ndiwo Silas ankati ndi wa Mainess.

Mainess anakumbukira masiku awiri aja. Anakumbukira munthu wogwira mutu chifukwa cha chinthu chimene iye mwini ankati ndi botolo. Anatembenuka.

Pamene panaima a Moven panalibe munthu. Panali mapazi okha m'matope, olunjika kokwerera mabasi a m'tauni.

Mainess anamanga kachitini m'chiuno, nafunsa a Majidi kumene munthu wofuna kugulitsa akwa mwamsanga angapite. A Majidi anazengereza, kenako anatchula msewu wina wa kuseri kwa msika waukulu.

"Iwe Mainess, kumeneko si kwa mwana wamkazi," anayamba a Felistus. "Kuli anthu ovala bwino amene amakupatsa moni ndi dzanja ili, linalo lili m'thumba mwako. Kuli zipinda zimene umalowa ndi miyendo yako koma potuluka amachita kukunyamula. Usalandire madzi kwa munthu. Usatchule dzina lako lenileni. Usayende pakati pa magalimoto oimikidwa."

Ankanena zonsezi akumangitsa chitenje chawo. Nyundo sanaisiye. Pofika pa chenjezo lachisanu ndi chimodzi anali ali kutsogolo kwa mdzukulu wawo, akudumpha ngalande, akuimitsa basi ndi dzanja la chala chopindika lija.